Mpando wa Bwana Crispin

A Henderson anabadwira ku Dedza, ndipo kuyambira ali mnyamata anali ndi mphatso imodzi yokha: ankadziwa komwe kwaima bwana. Anzawo akamathamangira mpira wachikulunga, iwo ankathamangira galimoto yaboma yoima pamsika, n'kuyamba kuipukuta galasi ndi malaya awo popanda wowatuma. Sukulu anailekera panjira. Nthawi ya chipani chimodzi anali m'gulu la anyamata oima pachipata cha msika, kufunsa amayi osenza tomato ngati ali ndi khadi. Chipanicho chitagwa, iwo sanagwe nacho. Anangovula malaya n'kuvala a mtundu wina, ndipo posakhalitsa anali atagwira chimkuzamawu pamsonkhano wa chipani chatsopano, akunyoza anthu omwe ankadya nawo dzana.

Mawu anali nawo ndithu, aakulu, omveka mpaka kutsidya kwa dambo. Ankatha kutchula maudindo a anthu onse okhala kutsogolo, aliyense pamalo pake, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Pamaliro aakulu ndi iwo ankaimitsa mwambo mpaka phungu afike. Kumudzi zimenezo sizidabwitsa munthu. Phungu ndiye wagula bokosi, ndiye maliro amamudikira, ngakhale dzuwa lipendeke, adzukulu atope n'kukhala pansi.

Ku London sanabwere ndi nzeru zawo kapena thukuta lawo. Anabwera pamsana pa akazi awo, a Winfrida, namwino wofatsa amene analembedwa ntchito pachipatala china cha kumpoto kwa mzindawu. Mayiwo anatsogola, anagona m'kachipinda kozizira chaka chathunthu akusunga ndalama ya tikiti, kenako bambo anatsika ndege atavala suti ndi chipewa, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali gulu lowachingamira. Ntchito anaipeza ya ulonda, pamalo oimikapo magalimoto kuseri kwa sitolo yaikulu ku Edmonton. Ankavala jekete lachikasu n'kumakweza ndi kutsitsa chitsulo cha pachipata. Kwa abale akumudzi ankati ali m'nthambi ya zachitetezo.

M'kanyumba ka mlonda munalibe chochita china koma kuwerenga. M'mawa uliwonse ankagula nyuzipepala ija ya mutu wofiira ndi zilembo zikuluzikulu, yomwe tsamba lake lachitatu, la zithunzi za atsikana osavala, ankalipinda mosamala akamalowa pakati pa anthu opemphera. Ankaiwerenga monga ena amawerengera Masalimo, osatsutsa ndi kadontho komwe. Nyuzi ikati zipatala zadzaza chifukwa cha alendo, a Henderson ankagwedeza mutu. Ikati misonkho ikudyedwa ndi aulesi, ankagunda tebulo. Ikati ntchito za boma zigulitsidwe kwa makampani kuti ziyende bwino, ankati zimenezo iwo anaziona kalekale.

Amalawi ndi anzawo angapo a ku Zambia ankapemphera Lamulungu masana m'holo yapamwamba pa shopu ya matayala ku Tottenham. Mapemphero akatha, amayi ankatulutsa tiyi ndi mandasi, ndipo apa m'pamene a Henderson ankatsegulira ulaliki wachiwiri. Anthu otopa ndi mashifiti ankangowamvera, poti kutsutsana ndi munthu wa mawu aakulu kumafuna mphamvu, ndipo mphamvuzo anali atazisiya m'mawodi ndi m'nyumba zosamalira okalamba. N'chimodzimodzinso ndi udindo wa wapampando wa komiti ya maliro. Palibe anawasankha. Tsiku lina anangoyamba kudzitchula choncho, anthu n'kuona kuti kuli bwino kungowasiya.

Mmodzi yekha ndi amene ankawayankha, a Shadrick Chisenga. Nawonso anali a ku Dedza, nawonso anatsatira akazi awo, a Dyna, amene anali namwino. Ntchito yawo inali yokankha mabedi a odwala, kuchoka kuwodi kupita kojambula, kuchoka kojambula kubwerera kuwodi. Anali munthu wa mawu ochepa, woseka ndi maso.

"Achimwene," anatero a Shadrick tsiku lina, ataona mutu wa nyuzi, "alendo akunenedwa apawa ndi ndani?"

"Si ife amenewo. Ife tinachita kuitanidwa."

"Ndani anakuitanani inu?"

Anthu anaseka m'makapu. A Henderson anapinda nyuzi.

"Akunena awa ongolowa awa. Inu nkhani za ekonome simungazimve. Mpikisano, achimwene. Ntchito ikapita kukampani pamakhala mpikisano, zinthu zimayenda."

"Yathu inapita kukampani chaka chatha. Mabedi ndi omwewo, makolido ndi omwewo, miyendo ndi yomweyi. Chasintha ndi yunifolomu, komanso ukadwala n'kujomba sulandira kanthu kooneka. Mwina mpikisano wake ndi umenewo, woona kuti adzayamba kugwa ndani."

A Rogers, a ku Lusaka, oyendetsa basi, anaombera m'manja. "Ba Henderson, yankhani manje. Olo pepa yanu sinalembe answer?"

Chaka cha 2005 chinali cha chisankho. A Henderson atamva kuti Mmalawi wokhala kuno movomerezeka amaloledwa kuponya voti, mtima wawo unadumpha ngati wa mlenje womva fungo la nyama. Pamsewu waukulu panali shopu yomwe kale inkagulitsa makapeti. Tsopano m'mawindo ake munali nkhope ya mzungu wina wa tsitsi lopesa bwino, bwana Crispin, wofuna uphungu m'dera limenelo. Zonena zake zinali zomwezo za m'nyuzi ya mutu wofiira, kungoti iye ankazinena mofewa, akumwetulira.

A Henderson anapitako atavala suti. Kwa bwana sapita chimanjamanja, choncho anatenga chiboliboli cha mkango, cha mtengo wa phingo, chomwe a Winfrida anachokera nacho kumudzi. Bwana Crispin anawagwira chanza ndi manja awiri, maso ali pa munthu wina kumbuyo kwawo, ndipo anati zonse n'zosangalatsa kwambiri. A Henderson anamuuza kuti mavoti a Amalawi onse a kumpoto kwa London ali m'thumba mwawo. Kenako anaima, kudikira zomwe zimatsatira mawu otere: nsalu za amayi, malaya a anyamata, kenakake kopinda m'dzanja. M'malo mwake anapatsidwa kwa gogo wina wachizungu wosamalira ofesiyo, dzina lake Peggy, amene anawapatsa tiyi wozizira, mabisiketi awiri, duwa lansalu lobaya pachifuwa, ndi chikwama chodzaza timapepala toti akalowetse m'zitseko za anthu. Atabwerako tsiku lotsatira anapeza mkango uja uli pansi, watchinga chitseko kuti mphepo isachitseke. Anauyang'ana, n'kudziuza kuti bwana wauika pakhomo kuti aliyense wolowa aziuona.

Kumpingo analengeza kuti tsopano ndi mlangizi wa bwana Crispin pa nkhani za Afirika. Madzulo aliwonse akaweruka ankayenda khomo ndi khomo, galu kuwauwa, mvula kuwanyowetsa, akulowetsa timapepala tonena kuti zipatala zalemedwa ndi alendo. Tina analowetsa m'nyumba za anamwino omwe ankamwa nawo tiyi Lamulungu. Kamodzi kanafika ndi m'nyumba mwawo momwe. A Winfrida anakatola pakhomo akuchokera kuntchito, mapazi atatupa, anakawerenga, n'kukayala pansi pa mphika wotentha.

M'mwezi wa Epulo a Shadrick anayamba kumva kuthina pachifuwa. A Dyna anawauza kuti apume. Iwo anati apuma mwezi ukatha, poti kujomba kunalibe malipiro. Mwezi sunathe. Anagwa m'kolido, manja ali pabedi la wodwala, ndipo madokotala omwe anali pafupi zedi sanathe kuwadzutsa.

Anthu anasonkhana m'kanyumba kawo ku Edmonton, amayi pansi m'chipinda chochezera, abambo ataima m'khichini ndi pamasitepe. Ambiri ankayembekeza kuti thupi lipita kumudzi. Koma malemu anali atanena kale kuti akadzafa adzawaike konkuno, pomwe ana angamafike pabasi. Anawo anali awiri, Mwayiwathu, mnyamata amene anachoka ku Malawi asanayambe sukulu, ndi Stephanie, amene anachoka ali kumsana. Chichewa ankamva, koma ankayankha m'Chingerezi.

A Dyna anaitana a Henderson, monga wapampando komanso munthu wa kwawo kwa malemu. Mayiwo anakhala pansi atafunda chitenje, mawu atasasa.

"Alamu, ine sindikufuna zambiri. Nkhata, zakudya, chitani mmene mukuonera. Chimodzi chokha. Ana awa amawadziwa bambo awo ngati munthu wokankha mabedi, wobwera kunyumba atatopa. Sadziwa kuti anali ndani kwathu. Ndikufuna bokosi lisanatsike amve mbiri yawo, m'chinenero chathu, pamaso pa anthu. Ine namfedwa sindingaime kulankhula. Mundilankhulire ndinu."

"Mlamu, zimenezo musadere nkhawa. Ndalankhulapo pamaliro a nduna ine."

A Dyna anayamba kufotokoza, kuyambira kumudzi komwe malemu anabadwira. A Henderson ankangoti eya, eya, koma mutu wawo unali utapita kale kushopu ya makapeti. Anaona mwayi woyera ngati ufa. Maliro anali Lachisanu, chisankho Lachinayi lotsatira. Amalawi onse adzakhala pamodzi. Bwana akadzangotsika galimoto n'kupepesa, aliyense adzaona ndi maso ake kuti a Henderson ndi ndani, ndipo bwana adzaona kuti thumba lija lilidi ndi mavoti.

Anam'peza bwana Crispin akukwera galimoto. Anam'fotokozera mwachangu, atagwira chitseko. Bwanayo anakwinya nkhope mwachisoni, anati n'zomvetsa chisoni kwambiri, ndipo alankhule ndi Peggy. Peggy analemba tsiku ndi malo pa kapepala kachikasu, n'kukamata pakhoma pakati pa tinzake tambirimbiri, nati aona ngati zingatheke. A Henderson anatuluka akuyenda ngati tambala. Kwawo, nkhani ikalembedwa mu ofesi ya bwana ndiye kuti yatha. Ndipo ndi wandale uti, chisankho chili pakhomo, amene angakane maliro?

Masiku otsalawo anawathera pa kulemba mawu olandirira mlendo wolemekezeka, m'Chingerezi chovuta, akuyeserera m'kanyumba ka mlonda mpaka oimika magalimoto ankasuzumira pawindo.

Lachisanu kunacha ndi kamvula kowaza. Kumanda kunali katchalitchi kakang'ono komwe mabanja amachitiramo mwambo motsatizana. Mkulu wa kampani yokonza maliro, mzungu wamtali wa chikhoti chakuda, anakumbutsa abusa ndi a Henderson pakhomo zomwe anali atanena kale: nthawi yawo inali yosakwana ola limodzi, ndipo pambuyo pawo panali maliro ena.

"Amatero onse," a Henderson ananong'oneza abusa. "Bwana akafika, wotchi imaima yokha."

Anali atabwera ndi mpando wa khushoni kuchokera kuholo. Anauika kutsogolo, pafupi ndi bokosi, n'kuuyala nsalu yoyera, pambali pake botolo la madzi. Poti malo anali ochepa, anamugwira Mwayiwathu paphewa n'kumusunthira benchi yachiwiri, kumbuyo kwa mayi ake. Duwa lansalu lija linali pachifuwa, pa suti yamaliro.

Abusa anapemphera. Amayi a Mvano, atavala zoyera zawo, anaimba nyimbo yoyamba. Itatha, anthu anadikira mbiri. A Henderson anaimirira, anasuzumira kukhomo, n'kunena kuti pali mlendo wolemekezeka amene ali m'njira, ndipo sikungakhale ulemu kuyamba iye asanafike.

"Amayi, tipatseniko ina."

Amayi anayang'anana, koma anaimba. A Henderson anatuluka ndi foni m'manja. Kuofesi foni inangolira. Anabwerera, anakonza nsalu ya pampando, anasuntha botolo.

"Ina, amayi. Yaitaliko."

"A Henderson," abusa anatero chapansipansi, "nthawi."

"Ali pamsewu wa North Circular, abusa. Mukuidziwa traffic ya Lachisanu."

Anali asanalankhule ndi munthu aliyense, koma atangozinena anazikhulupirira. Ankachita kuiona galimotoyo m'maganizo, ikukhota pachipata, anthu akutembenuka. Ankaona bwana akuwagwira chanza ndi manja awiri pamaso pa a Rogers. Kumbuyo kunamveka mawu a a Rogers omwewo, osayesa n'komwe kunong'ona.

"Ba honourable banu babwela na bicycle? Tiyeni tiyambe, imwe. Uyu muntu mu bokosi sazavota."

A Dyna sanatembenuke. Anakhala ataweramitsa mutu pakati pa amayi awiri, dzanja limodzi litagwira Stephanie, linalo likufufuza kumbuyo komwe kunali Mwayiwathu. Nyimbo yachitatu inatha, yachinayi inayamba mofooka. Pofuna kudzaza nthawi, a Henderson anayamba kupereka ulemu: kwa abusa, kwa akulu a mpingo, kwa oimira Amalawi a ku Peckham, kwa abale a ku Zambia, kwa mlendo wolemekezeka amene mpando wake uli apa. Anali asanamalize pamene mzungu wa chikhoti chakuda uja anayenda mwakachetechete n'kutsegula chitseko cham'mbali. Anawerama pang'ono kwa a Dyna, n'kukodola anyamata ake. Kukhomo lakutsogolo kunali kutaima kale banja lina, Agiriki ovala zakuda, ndi bokosi lawo, ndi misozi yawo.

A Henderson anathamangira kwa mzunguyo. Anatchula dzina la bwana Crispin kawiri, akuloza duwa la pachifuwa. Mzunguyo anangoti pepani, osakweza mawu, ndipo bokosi la a Shadrick linanyamulidwa. Ulaliki panalibe, mbiri panalibe. Anthu anatuluka mwandondomeko ngati ana a sukulu, n'kusiya mpando wa nsalu yoyera uli pomwepo, mpaka mnyamata wina wa kampaniyo anaunyamula n'kuuika panja pamvula.

Kumanda kuno adzukulu sakhala gulu la amuna a makasu. Anali azungu awiri ovala majombo, ataima chapatali pafupi ndi kathirakitala kokumbira, injini ikulira pang'onopang'ono. Nawonso anali ndi dzenje lina lowadikira. Bokosi linaikidwa pamalamba. Abusa, nkhope ili gwa, anati:

"A Henderson, mbiri ya malemu. Mwachidule."

A Henderson anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala. Linali lija la Chingerezi chovuta, loyamba ndi maudindo a mlendo amene sanabwere. Analitembenuza. Kuseri kunali koyera. Anayesa kukumbukira zomwe a Dyna ankanena tsiku lija atafunda chitenje, koma m'mutu munangobwera eya, eya wawo yemwe.

"Malemuwa," anayamba ndi mawu aja a pamsonkhano, "anali munthu wabwino. Anabadwira kwathu ku Dedza konkuja, m'chaka cha... m'zaka za m'mbuyomu. Anali munthu wokonda anthu. Kuno ankagwira ntchito yotamandika yokankha mabedi. Asiya mkazi mmodzi ndi ana." Anaima, n'kuponya diso kuchipata cha manda. Kunalowa galimoto yakuda, koma inakhotera kwina. "Ndipo ndikudziwa kuti akanakhala moyo, akanafuna kuti tonse Lachinayi likubwerali tisaiwale..."

"Bambo, zakwana."

Anali a Winfrida. Pa zaka zonse za ukwati wawo palibe anawamvapo akudula mawu amuna awo pagulu. Sanakuwe. Anangotuluka pamzere wa amayi a Mvano, anabwera, anachotsa duwa lansalu pachifuwa cha amuna awo monga mmene mayi amachotsera chisoso pa malaya a mwana, n'kuliika m'chikwama chawo.

Pamenepo a Dyna anamasula manja a amayi omwe anawagwirira. Wina anayesa kuwakhazika, poti namfedwa salankhula pamanda. Iwo anapukusa mutu. Anakoka Mwayiwathu kumuika kudzanja lamanja, Stephanie kumanzere, n'kuima m'mphepete mwa dzenje. Sanayang'ane gulu. Analankhula kwa ana.

"Mwayi, Stefa, tamverani. Awa ndi bambo anu, a Shadrick Chisenga. Kwawo ndi kufupi ndi Linthipe, mudzi wa pansi pa phiri, pomwe m'mawa kumagwa nkhungu ngati kuno. Anali mwana wachisanu, woyamba kupita kusukulu. Asanapite kusukulu m'mawa ankayamba atsegulira mbuzi za agogo anu, ndipo tsiku lina mbuzi zinawatsatira mpaka m'kalasi."

"Daddy had goats?" anafunsa Stephanie mokweza.

Anthu anaseka, misozi ili m'masaya.

"Eya, mbuzi. Ina inali ndi dzina, Sajeni. Anapanga okha gitala la chigubu cha mafuta, ndipo ndi gitala limenelo anandifunsira ine, nyimbo yake yoipa kwambiri. Anakhala mphunzitsi. Anaphunzitsa Sitandade 5 pansi pa mtengo wa mkuyu, bolodi atalikhomera pathunthu, ndipo ana ena omwe anadutsa m'manja mwawo lero ndi madokotala. Ine nditafuna kuphunzira unamwino, analima mbatata ya kachewere, n'kumakagulitsa okha pamsewu Loweruka, aphunzitsi athunthu, ana a sukulu akuwaona. Ntchito ya kuno itapezeka anati, sungapite wekha kudziko lozizira. Anasiya choko. Kuno mapepala awo a uphunzitsi anati ndi osakwanira. Sanadandaule pamaso panu ngakhale tsiku limodzi. Akamakankha okalamba opita ku opaleshoni, ankawaimbira chapansipansi nyimbo za kwathu kuti asaope, ndipo ena ankagwira dzanja lawo osafuna kulisiya. Amenewo ndiwo bambo anu. Munthu akadzakufunsani kuti munabwera kudzadya za eni, mudzamuuze zimenezi."

Analankhula nthawi yaitali kuposa pamenepa. Anatchula alongo ndi abale, amoyo ndi akufa, anatchula mtsinje womwe malemu anabatizidwira pafupi nawo, anatchula nsapato zawo zoyamba. Mkatikati mwa mawuwo injini ya kathirakitala inazima. Mmodzi mwa adzukulu aja, wosamva ndi liwu limodzi lomwe, anali atavula chipewa. A Dyna atamaliza, Mwayiwathu anatola dothi, n'kunena m'Chichewa chopindika lilime, "Pitani bwino, adadi." Amayi anayamba nyimbo popanda wowauza, ndipo bokosi linatsika.

A Henderson anali ataima kumbuyo, pepala likunyowa m'manja. Diso limodzi linali likadali kuchipata.

Tsiku lotsatira, nyuzi yaulere ya m'deralo inagwa m'zitseko. Patsamba loyamba panali bwana Crispin, atapinda manja a malaya, atagwira chokolopera chatsopano pachipata cha chipatala, akulonjeza kuti akapambana adzayeretsa zipatala ndi kuchepetsa alendo ozilemetsa. Chithunzicho chinajambulidwa Lachisanu lomwelo, m'mawa. Chipatalacho chinali chomwe a Shadrick anagwera. A Rogers anabwera nayo nyuziyo kuholo n'kuiyala patebulo la tiyi.

"Onani traffic yamene inabagwila ba honourable."

A Henderson anaiyang'anitsitsa.

"Mwaona," anatero, "anali pa ntchito. Munthu wamkulu sangakhale paliponse."

 Mayi wina anatenga nyuziyo n'kukulungira mandasi otsala.

Bwana Crispin sanapambane. Anabwerera kubanki komwe anachokera, ndipo shopu ya makapeti inasanduka malo a juga ya mahatchi. Mkango wa phingo palibe akudziwa komwe unapita. A Henderson anafotokozera aliyense wofuna kumva kuti iwo anaona kale kuti munthuyo sangapite patali, ndipo mtima wawo unali kwa wopambanayo kuyambira pachiyambi. Anapitanso ku ofesi ya ameneyo atavala suti, koma kumeneko anapeza Anaijeriya ndi Aghana atadzaza kale pakhomo.

Kwa a Dyna sanapite kukapepesa. Anatuma akazi awo kuti akanene kuti zinthu zinangovuta. A Winfrida anapita, koma sananene zimenezo. Anakachapa, anakaphika, n'kumatenga ana Loweruka lililonse a Dyna akakhala pa shifiti. Lamulungu lina m'mawa a Dyna amakwera basi ndi anawo kupita kumanda, ndipo Stephanie amafunsa za Sajeni mpaka lero.

Komiti ya maliro inakumana popanda kulengeza. Sanawachotse a Henderson, poti munthu amene sanasankhidwe n'kovuta kumuchotsa. Anangoti pamaliro otsatira mwambo adzayendetsa abusa, mbiri adzanena wachibale, ndipo chimkuzamawu chizisungidwa m'chikwama cha amayi a Mvano. A Henderson anawapatsa ntchito ina. Mapemphero akatha, iwo ndi amene amapinda mipando ya m'holo n'kuisanja kukhoma. Amaigwira atavala suti, nyuzi ya mutu wofiira ili m'khwapa, akufotokozera mipandoyo za misonkho ndi alendo, anthu atatsika kale masitepe kukadikira basi.